Amayi ozula bowa ku Dzalanyama

Amayi amene ndinawatsatira m'nkhalango ya Dzalanyama m'mwezi wa Januwale ankayenda maso ali m'mwamba. Ine anga anali pansi, poti bowa amamera pansi. Iwo ankayamba awerenga mitengo: uwu msuku, uwo mombo, uko tsamba. Akafika pa mtengo umene akuufuna m'pamene ankawerama, n'kupalasa masamba owola ndi kandodo, ndipo kunsi kwake manyame ali psuu. Pena ankadutsa bowa wamkulu, woyera, wooneka wokoma, osamukhudza n'komwe. Nditafunsa anangoti ameneyo ndi chirombo, n'kupitiriza ulendo.

Dzalanyama ili kumwera chakumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe, m'malire ndi Mozambique. Boma la atsamunda linaiika m'gulu la nkhalango zotetezedwa mu 1922, ndipo ndi yaikulu mahekitala pafupifupi 99,000, kukhudza maboma a Lilongwe, Dedza ndi Mchinji. Mtsinje wa Lilongwe umachokera m'mapiri amenewa n'kukadzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, gwero la madzi a m'mipopi ya mumzinda. Achewa amati ku Kaphirintiwa, m'mapiri omwewa, n'kumene anthu oyamba anatsikira. Nkhalangoyi ikamveka pa wailesi, nkhani imakhala ya makala ndi asilikali. Za amayi a madengu amene amalowamo m'bandakucha kuyambira Disembala mpaka cha m'Malichi sizikambidwa.

Ntchito yawo tingaitchule m'mpweya umodzi: kulawirira, kuyenda, kuzula, kusenza, kugulitsa. Chimene chinandisowetsa tulo ndi zimene amayiwa asunga m'mutu. Kwa iwo bowa ali pawiri, wa pachulu ndi wa m'mitengo. Utale, nyonzwe ndi manda ndi a pachulu. Chiswe ndicho chimalima bowa ameneyu m'kati mwa nyumba yake, ndipo mvula ikalowerera amaboola nthaka n'kutulukira kunja. Utale mmodzi wokhwima akhoza kukwana ndiwo za banja, pamene manda ndi tating'onoting'ono, timangoti mbee pansi, tofuna kudekha potola. Ndelema, amene kwina amati utenga, pamodzi ndi manyame ndi chipatwe, ndi a m'mitengo. Aliyense ali ndi nthawi yake, fungo lake ndi mtengo wake. Asanaponye bowa m'dengu, amayiwa amamutembenuza n'kuona kunsi, amanunkhiza, amathyola tsinde kuti aone ngati mukutuluka mkaka kapena ngati mtundu ukusintha. Zonsezi zimachitika m'kanthawi koti ine ndinali ndisanamalize n'kufunsa komwe. Brian Morris, Mngelezi amene anakhala zaka zambiri m'dziko muno ndipo mu 1987 anatulutsa buku la Common Mushrooms of Malawi, anaona kuti akatswiri a bowa m'midzi ndi amayi, abambo amatsalira kutali.

Nzeruyi ilibe sukulu. Mtsikana amaphunzira akuyenda pambuyo pa mayi ake kapena agogo ake, akudzudzulidwa pa bowa aliyense wolakwika amene wanyamula. Madzulo titakhala pakhonde m'mudzi wina wa m'mphepete mwa nkhalango, amayi ankalandizana mawu. Wina akuti chulu chake cha utale sachiulula ngakhale kwa mnansi, amachidziwa ndi iye ndi mwana wake wamkazi basi, ndipo akamapitako amayamba walowera kwina kuti asokoneze omutsatira. Wina akuti wochedwa kudzuka amapeza mabowo okhaokha. Agogo ena, amene miyendo inawakana kale, anayamba kutchula mayina a bowa amene ankazula kuseri kwa mudzi womwewo ali mtsikana, ndipo zidzukulu zawo zinkangoseka chifukwa ena mwa mayinawo zinali zisanawamvepo. Agogowo sanaseke nawo. Akuti mwana ungamuphunzitse bwanji bowa amene sanamuonepo?

Apa m'pamene mtima wanga suli m'malo. Chaka chilichonse m'nyengo ya mvula timamva za mabanja amene agonekedwa m'chipatala, ena kutaya miyoyo, atadya bowa wakupha. Anthu ali ndi njira zawo zoyesera: amati bowa wodyedwa ndi tizilombo kapena anyani ndi wabwino, amati ukamuwiritsa kwambiri poizoni amatha. Njira zimenezi n'zosadalirika. Pali bowa wina amene poizoni wake satha ndi moto, ndipo munthu amayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba patapita maola ambiri, chiwindi chitayamba kale kuonongeka. Amayi odziwa sadalira zoyesa zoterezi. Lamulo lawo ndi limodzi: bowa amene sukumudziwa dzina, musiye. Munthu wa theka la nzeru, amene anauzidwa chabe kuti ndelema ndi woyera, ndiye amene amaika banja pangozi.

Tsono n'chifukwa chiyani amayiwa amayang'ana mitengo? Akatswiri a zomera amafotokoza kuti chimene timazulacho ndi chipatso chabe. Thupi lenileni la bowa ndi timaulusi tosaoneka bwino timene timakulunga mizu ya msuku, mombo, tsamba ndi mitengo ina yachilengedwe. Bowa amathandiza mtengo kuyamwa madzi ndi mchere wa m'nthaka, mtengo n'kumamudyetsa shuga. Mtengo ukafa, bowa wake amafa nawo. N'chifukwa chake manyame kapena ndelema salimidwa m'shedi. Bowa amene anthu aphunzira kulima m'mapepala apulasitiki odzaza mapesi, amene akatswiri a kusukulu ya ulimi ya Bunda akhala akulimbikitsa, ndi mtundu wina, wodya zinthu zowola. Ndi ndiwo zabwino ndithu, koma amene anakulira manyame otendera sangapusitsidwe. Kudzala bulugamu kapena paini pamalo pamene panali misuku sikubweza bowa wakale. Ndiponso amayi ambiri sakhudza bowa womera pansi pa bulugamu, amati ndi wakupha.

Mitengo ya bowayo ndi yomweyonso imene imatulutsa makala olemera, okhalitsa pa mbaula, amene ife a m'tauni timawafuna. Kafukufuku wa mu 2007 anapeza kuti mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba inkatha matumba a makala oposa 6 miliyoni pachaka, ndipo anthu pafupifupi 92,800 ankadyera malondawa. Kuyambira nthawi imeneyo mizinda yangokulirakulira. Lamulo la nkhalango la 1997 limaletsa kuotcha makala popanda chilolezo, ndipo zilango zake anazikhwimitsa mu 2020. Mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera Dzalanyama. Komabe aliyense woyenda msewu wa ku Malingunde kapena wa ku Mitundu m'mawa amakumana ndi njinga zosenza matumba, eni ake akukankha thukuta lili kamukamu.

Ootchawo si alendo onse. Mayi wina anandiuza mosabisa kuti uvuni umene tinaudutsa ukufuka unali wa mlamu wake, ndipo ndalama ya feteleza chaka chimenecho kunyumba kwawo inachokera ku makala. Akuti bowa ndi wa miyezi itatu kapena inayi, makala ndi a chaka chonse. Ukamuuza bambo kuti asiye msuku chifukwa cha manyame, amakufunsa ngati manyame angagule thumba la feteleza. Mnzake anawonjezera kuti kale nkhwangwa inkasiya chitsa, chitsa n'kuphukanso, koma masiku ano ena akukumba ndi zitsa zomwe. Sindinapeze mawu owadzudzulira. Ndinangoona kuti m'nyumba imodzi dzanja lina likudula nthambi imene linzake lagwira.

Ndalama ya bowa ndi yochepa, koma imabwera pa nthawi yake. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene nkhokwe zili mbee, chimanga chakwera mtengo, ana akufuna makope, ndipo ganyu wopalira akulimbirana mudzi wonse. Dengu la bowa silifuna mbewu, feteleza kapena ngongole. Vuto lake bowa sagona. Wozulidwa m'mawa, pofika mawa lake wayamba kufota ndi kugwa mphutsi. Mavenda opikula amadziwa zimenezi, ndipo amadziwanso kuti mayi amene wayenda kuyambira usiku sangabwerere ndi katundu kunyumba. Mvula ikagwa bwino bowa amatuluka kwa aliyense tsiku limodzi, mtengo n'kugwa. Amayi ankadandaula kuti mulu umene iwo amagulitsa motaya pamsika wa kumudzi, ukafika mumzinda umagawidwa pawiri, uliwonse pa mtengo woposa umene iwo analandira. Amene ali pafupi ndi msewu waukulu, monga aja amaimika mabeseni m'mbali mwa msewu wa Zomba–Liwonde ku Machinga, zinthu zimawayenderako chifukwa amagulitsa okha kwa apaulendo.

Wotsala amamufutsa: kumuwiritsa pang'ono, kumuyanika padzuwa, n'kumumanga m'chikwatu cha masamba a msuku kuti adzakhale ndiwo m'chilimwe. Ngakhale chosungiramo chimachokera ku mtengo womwewo.

Chimene onse ankagwirizana n'chakuti ulendo ukutalika. Kumene kale mtsikana ankapita n'kubwerako madzi a nsima asanawire, lero ndi minda ndi zitsa, ndipo ofuna bowa amalowa m'kati mwenimweni mwa nkhalango. Okalamba, amene ndiwo odziwa kwambiri, sangafikeko. Ana asukulu, amene ndiwo ofunika kuphunzira, alibe tsiku lathunthu loti ataye. Otsala ndi amayi apakati, ndipo amayenda m'magulu chifukwa mkazi yekha m'tchire lakutali sayenda ndi mtendere. Pamisonkhano yokambirana za tsogolo la nkhalango, mafumu, a zankhalango ndi mabungwe amakamba za madzi, mbande ndi mbaula zosatha nkhuni. Ndikanakonda amayi ozula bowa akanamapatsidwa mpando kutsogolo, pakuti palibe wina amene phindu lake limadalira mtengo wachilengedwe uli chiimire monga iwo.

Inu ogula, m'nyengo ya mvula mukaima pa beseni la bowa, funsani dzina lake ndi kumene wazulidwa. Wogulitsa akadodoma, musagule. Akakutchulirani dzina ndi mtengo umene bowayo wamera pansi pake, perekani ndalama imene wanena, osanenerera.