Kodi Mumadziwa? Monsuni Imakweza Utsi Kumwamba

Kodi mumadziwa kuti dzina la mphepo lakuti monsuni linachokera ku liwu la Chiarabu lakuti mawsim, kutanthauza nyengo? Amalinyero a ngalawa zamatanga ankadikira mphepoyi kuti iwakankhire ku India, ndipo ikatembenuka ankabwerera nayo ku Mombasa ndi ku Zanzibar.

Nanga mumadziwa kuti ili pachibale ndi mwera wathu? Mphepo yochokera kummwera chakummawa, imene imavundula nyanja ya Malawi m'miyezi yozizira, ina imadutsa kumpoto kwa Madagascar, n'kukhotera cha ku Kenya ndi Somalia, ulendo wa ku India. Katswiri wa zanyengo John Findlater anafotokoza njira imeneyi mu 1969. Mvula ya monsuni imayamba ku Kerala, ku India, cha pa 1 June.

Koma zodabwitsa zenizeni zili pamwamba pa mitambo. Mitambo yamabingu imagwira ntchito ngati chumuni: imayamwa mpweya wapansi n'kuuponya makilomita 12 mpaka 18 m'mwamba. Ukafika kumeneko mpweyawo umangozungulira ngati phala lotakasidwa mumphika, ndipo mphika wake ndi waukulu zedi, kuyambira ku China mpaka ku Middle East. Moto wake umasonkhezeredwa ndi mapiri a Tibet, otalika kupitirira mamita 4,000, amene amatenthedwa ndi dzuwa.

Tsono mphepo ilibe mapazi, ndiye mungailondole bwanji? Asayansi amachita ngati galu wa mlenje, amatsata fungo. Mpweya wa carbon monoxide wochokera ku nkhuni, magalimoto ndi mafakitale ukapezeka kumwambako, amadziwa kuti wakwera ndi monsuni. Setilaiti ya CALIPSO, yomwe inaponyedwa mumlengalenga mu 2006, inaona kafumbi koyandama pamwamba pa Asia chilimwe chilichonse chakumeneko.

Mu 2017 ndege ya ku Russia yotchedwa M-55 Geophysica inkanyamuka ku Kathmandu n'kukwera pafupifupi makilomita 20 kukatapa mpweyawo. Anapezamo chiyani? Timibulu ta ammonium nitrate, tochokera ku mpweya wa feteleza ndi ndowe za ziweto. Inde, zam'khola zija zimafika kumene ndege zonyamula anthu sizifika!

Mphikawo umatayikiranso. Zigawo za mpweya zimaduka n'kulowera ku nyanja ya Pacific, n'chifukwa chake mu 2022 ndege ya NASA ya WB-57 inakazidikirira ku South Korea.