Kodi "Acquaintance" Ndi Mnzathu Kapena Mlendo?

Munthu wocokera kwa Mfumu Sandwe akakwera basi pa Petauke kupita ku Lusaka, pofika pa Nyimba amakhala atapeza kale woceza naye. Agawana nthoci zogula pamseu, afunsana za mvula ndi za kumudzi, ndipo potsika atsazikana osadziwa ngati adzaonananso. Kodi munthu wotereyu tingamuche ndani?

Angelezi ali nalo liu lace: "acquaintance", ndiye kuti munthu womudziwa pang'ono, wosafika pa ubwenzi. Anthu olankhula Cibengali, amene apitirira mamiliyoni 200 m'dziko la Bangladesh ndi m'cigawo ca West Bengal ku India, amati "porichito", kutanthauza wodziwika. Bwenzi leni-leni amalicha "bondhu". Alinso ndi mau ena okoma, "mukh chena", onena za munthu amene umdziwa nkhope yokha.

Ife tili ndi "iwe" ndi "inu", koma iwo ali ndi masitepe atatu. Kwa wamkulu ndi kwa wongodziwana naye amati "apni", kwa wozolowerana naye amati "tumi", ndipo "tui" amasungira mwana kapena mnzao wa paubwana. Motero Mbengali akangotsegula pakamwa, womvetsera adziwa kale pamene ubale wa awiriwo wafika.

M'Cinyanja mulibe liu limodzi lolingana ndi limeneli. Timazungulira, nkumati "wodziwana naye" kapena "timangopatsana moni". Koma kunena zoona, mau amenewa amamveka ozizira m'kamwa mwathu. Wa m'basi uja timati "mnzanga wa paulendo", ndipo akakhala wacikulire timati atate kapena amai. Abengali nawonso amatero: mlendo pamsika amuitana "dada" kapena "bhai", ndiko kuti mbale.

Cizolowezi cimeneci cili ndi msampha wace pa bwalo la milandu. Woweruza akafunsa mboni m'Cingelezi za ubale wace ndi woimbidwa mlandu, mboniyo, mwaulemu wa kwathu, ingayankhe kuti, "Ndi anzanga." Womasulira akapereka yankholo monga lilili, woweruza adzamva kuti awiriwa ndi mabwenzi, ndipo angayese kuti mboni ikuikira mnzace kumbuyo, cikhalireco anangoonana kawiri ku cigayo. Womasulira wanzeru amayamba wafunsa: "Kodi mumayenderana, kapena mumangodziwana?"