Afidaviti: Tanthauzo Lake ndi Kumene Inachokera

Funso: Loya akati "tilembe afidaviti", amatanthauza chiyani?

Yankho: Amanena umboni wolembedwa papepala, umene mwini wake walumbira kuti ndi woona. Kulumbirako kumachitika pamaso pa munthu amene lamulo linam'patsa mphamvu yolumbiritsa, monga majisitireti, ndipo iyeyo amasaina ndi kudindapo chidindo.

Funso: Kodi mawuwa ndi a Chingerezi?

Yankho: Angerezi nawonso anachita kubwereka ku Chilatini. M'chinenerocho affidavit ndi kunena kuti "walumbira", kuchokera ku mneni affidare, amene muzu wake ndi umodzi ndi fides, kukhulupirika. Makhoti a ku England ankalemba zikalata zawo m'Chilatini mpaka lamulo linaletsa zimenezi kuyambira mu 1733, koma mawuwa anali atazika kale mizu.

Taonani kuti sakuti "ndalumbira" ayi, akuti "walumbira". Amene akuyankhula ndi wolumbiritsa uja, kuikira umboni kuti munthuyo anaimadi pamaso pake. Ine ndimaona kuti mphamvu yonse ya pepalali yagona pamenepa. N'chifukwa chake kudinda pepala la munthu amene sanabwere n'kulipha pepalalo, ngakhale zolembedwamo zitakhala zoona.

Funso: Nanga kuno kwathu anafika bwanji?

Yankho: Anabwera ndi malamulo a ku England, amene atsamunda anawakhazikitsa m'dziko muno mu 1902. Malamulo a mu 2017 oyendetsera milandu yosakhala yaupandu ku High Court anasankha dzina lakuti sworn statement, koma ntchito yake ndi yomweyo. Amene anatsatira pa wailesi mlandu wa chisankho cha 2019 akukumbukira mmene maloya ankapanikizira mboni ndi mafunso pa zimene zinalumbirira, ndime ndi ndime, mpaka chigamulo cha pa 3 February 2020.

Funso: Bwanji amene chipembedzo chake chimaletsa kulumbira?

Yankho: Amaloledwa kungotsimikiza popanda kugwira Baibulo kapena Korani. Ku England mwayiwu unayamba ndi Akhristu a gulu la Quakers cha m'ma 1690. Kulemera kwake n'kofanana.

Funso: Munthu akanama?

Yankho: Umenewo ndi mlandu wa umboni wabodza, ndipo umapititsa kundende. Wozengedwa ndi amene analumbira, ngakhale kuti analemba ndi loya. Choncho musasaine musanawerenge. Ngati zili m'Chingerezi, pemphani kuti akumasulireni zonse, ndipo chimene simukuchidziwa bwino chichotsedwe musanagwire cholembera.