KUSULA MADOKOTALA A MAPHUNZIRO M'AFRIKA MOMWE MUNO

Pakati pa madigiri onse amene sukulu za ukachenjede zipereka, palibe imene anthu aimva molakwa koposa digiri ya PhD. Kumudzi akamva kuti mwana wa uje tsopano ndi dokotala, ayamba kumuuza za nyamakazi ndi mutu waching'alang'ala. Ndipo ngakhale m'maofesi a Boma alipo ena oganiza kuti digiriyi ndi kalasi lina lapamwamba chabe, lokhala ndi mphunzitsi, bolodi ndi mayeso a kumapeto kwa chaka monga makalasi ena onse. Si choncho ayi. Munthu wofuna udokotala wa maphunziro sapatsidwa mabuku oti aloweze pamtima. Iye asankha funso limene palibe wina adaliyankhapo, nakhala nalo zaka zitatu, zinayi kapena kuposerapo, kufikira atalemba buku lalikulu limene akatswiri a kwina adzaliwerenga ndi kuliyesa ngati lili ndi nzeru yatsopano.

Mwambo umenewu udakhazikika ku Germany, makamaka kuyambira pamene Yunivesite ya Berlin idatsegulidwa mu 1810. Ku America sukulu ya Yale idapereka madigiri oyamba otere mu 1861, ndipo ku Britain sukulu ya Oxford idawayamba mu 1917. Kwa zaka zambiri kaphunzitsidwe kake kadali konga ka wosula makasu ndi mnyamata wake wopukusa mvukuto: wophunzira adali kukhala pafupi ndi katswiri mmodzi, naonera m'mene agwirira ntchito. Katswiriyo akakhala wachifundo ndi wopeza nthawi, zinthu zidali kuyenda. Akakhala wotanganidwa, kapena wosadziwa kulangiza, wophunzira adali kungosowa kolowera, ndipo ambiri adasiyira panjira popanda wina wofunsa chifukwa chake.

LIPOTI LA ROBERTS

Boma la Britain lidaona vutoli kuchokera mbali ina. Mu 2001 lidapempha Sir Gareth Roberts kuti afufuze ngati dzikolo lili ndi anthu okwanira odziwa sayansi ndi uinjiniya, ndipo lipoti lake, lotchedwa SET for Success, lidatuluka mu April 2002. Mwa zina lidapeza kuti olemba ntchito adali kudandaula za madokotala atsopano: adali odziwa kwambiri kanthu kamodzi, koma operewera pa kulankhula pagulu, kugwira ntchito ndi anzawo ndi kuyendetsa ntchito yokhala ndi nthawi ndi ndalama zoikika. Tsono lipotilo lidapempha kuti wophunzira aliyense wa PhD azipatsidwa masabata awiri pachaka, kapena kuposerapo, ophunzira maluso otere. Boma lidavomera, ndipo pakati pa 2003 ndi 2011 masukulu adalandira ndalama zapadera pafupifupi £120 miliyoni zochitira ntchitoyi. Ndalama zapaderazo zidatha, koma maofesi othandiza ophunzira a PhD amene adabadwa nthawi imeneyo adakhazikika m'masukulu ambiri a kumeneko.

Komatu nkhawa ya Britain idali yoti madokotala apeze ntchito kunja kwa yunivesite. Nkhawa ya maiko a Afrika idali ina: kuti yunivesite yeniyeniyo ikhale ndi madokotala okwanira kuphunzitsa ndi kuchita kafukufuku.

Owerenga achikulire adzakumbukira kuti Yunivesite ya Malawi idakhazikitsidwa mu 1964, nitsegula zitseko zake ku Chichiri mu 1965 ndi ophunzira 90 okha, ndipo aphunzitsi ambiri adali ochokera kunja. Chancellor College idasamukira ku Zomba mu 1973. Sukulu ya madokotala a chipatala, College of Medicine, idayamba mu 1991. Pa zaka zonsezi njira yodziwika yopezera PhD idali kukwera ndege kupita ku Britain, ku America, ku Canada kapena ku South Africa. Njirayi idabala akatswiri amene dziko lino liwanyadira, koma idali ndi mtengo wake. Mphunzitsi adali kuchoka zaka zinayi, makalasi ake nagwera anzake otsala. Ena adafufuza mafunso okondweretsa mabwana awo a kunja koma osakhudza mlimi wa ku Ntchisi kapena mayi woyembekezera wa ku Nsanje. Ena sadabwerere konse. Ndipo wobwerayo kawirikawiri adapeza kuti kwawo kulibe makina, mabuku ngakhale mnzake wokambirana naye, kotero kuti kafukufuku wake woyamba adakhalanso wotsiriza.

MGWIRIZANO WA CARTA

Mu 2008 masukulu angapo a mu Afrika adapangana kuyesa njira ina. Mgwirizano wawo adautcha Consortium for Advanced Research Training in Africa, mwachidule CARTA, ndipo oyendetsa adali bungwe la African Population and Health Research Center la ku Nairobi pamodzi ndi Yunivesite ya Witwatersrand ya ku Johannesburg. Atsogoleri ake oyamba adali Dr. Alex Ezeh ndi Profesa Sharon Fonn. Yunivesite ya Malawi idalowa nawo, pamodzi ndi Makerere ya ku Uganda, Nairobi ndi Moi za ku Kenya, Ibadan ndi Obafemi Awolowo za ku Nigeria, ndi zina. Masukulu a ku Ulaya monga Gothenburg ndi Warwick adabwera ngati othandiza, osati eni ake. Ndalama zidachokera ku mabungwe monga Wellcome Trust, Carnegie Corporation ndi bungwe la Boma la Sweden la Sida. Gulu loyamba la ophunzira lidayamba mu 2011, ndipo pofika 2020 olandiridwa adali atapitirira 200.

Lamulo lake lalikulu lidali ili: wosankhidwa akhale kale wantchito wa imodzi mwa sukulu kapena mabungwe a mgwirizanowo, ndipo alembetse PhD yake pa yunivesite ya mu Afrika, pa nkhani yokhudza umoyo wa anthu ndi chiwerengero chawo. Sadali madokotala a chipatala okha ayi. Adalipo anamwino, odziwa masamu, odziwa za chikhalidwe cha anthu ndi ena otero. Digiri idali kuperekedwa ndi yunivesite imene munthu adalembetsako. Chimene CARTA idaonjezapo ndi chija chidali kusoweka kale, ndicho kuphunzitsa munthu m'mene kafukufuku achitikira.

Maphunzirowo adagawidwa m'misonkhano inayi yogonera komweko, uliwonse wa pafupifupi mwezi umodzi, yomwazika m'zaka za PhD. Woyamba ndi wotsiriza idachitikira kum'mawa kwa Afrika, ku Nairobi kapena ku Kampala; wachiwiri ku Johannesburg; wachitatu ku Ibadan. Akulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo apa zidaoneka: mphunzitsi wa ku Blantyre adagona nyumba imodzi ndi mnzake wa ku Kigali ndi wa ku Ile-Ife, naona kuti mavuto awo ndi amodzi.

Msonkhano woyamba ndiwo woyenera kuuganizira kwambiri, pakuti ukhudza chilema chimene aphunzitsi a sukulu zonse achidziwa bwino. Mwana wophunzira m'kalasi la ana ochuluka azolowera kuti cholembedwa m'buku ndicho choona, ndipo ntchito yake ndi kuchibwereza pa mayeso. Afika nacho chizolowezichi ku sekondale, ku koleji, ngakhale pa digiri yachiwiri. Tsono pa PhD auzidwa kuti awerenge zolemba za akatswiri zana limodzi kapena kuposerapo, aone pamene agwirizana, pamene atsutsana, ndi pamene onse adalumpha. Munthu woleredwa mwaulemu aona ngati chipongwe kunena kuti profesa wa ku London adalakwitsa masamu. Koma popanda kulimba mtima kumeneko palibe funso latsopano lingabadwe. Msonkhano woyamba udali wophunzitsa kuwerenga kotere, kusula funso lotheka kuyankhidwa, ndi kulemba mosabisala m'mawu a ena. Atabwerera kwawo, ophunzira adapitiriza kulemba pa intaneti mothandizidwa ndi bungwe la ESE:O la ku Santiago, m'dziko la Chile, limene lidali kuwerenga zolemba zawo ndi kuwabwezera kuti akonze, kawiri, katatu, kufikira zitamveka.

Msonkhano wachiwiri udali wa njira zosonkhanitsira ndi kusanthula zopeza, pogwiritsa ntchito kompyuta imene aliyense adapatsidwa. Wachitatu udali wolemba buku la digiri ndi nkhani zotumiza ku magazini a akatswiri. Wachinayi udayang'ana moyo wa pambuyo pa digiri: kulemba kalata yopempha ndalama za kafukufuku, kuphunzitsa, kutsogolera anzako, ndi kufotokozera akuluakulu a Boma zimene wapeza m'mawu oti nduna yotanganidwa ingamve pa tsamba limodzi. Ndipo munthu sadali kungoitanidwa ku msonkhano wotsatira chifukwa chaka chatha ayi; adayenera kuonetsa kuti watsiriza ntchito imene adapatsidwa. Lamulo ili lidaoneka louma, koma ndilo lidaletsa ambiri kugona.

Pakati pa misonkhanoyi pali ntchito zina zimene buku silinena. Kuno ku Malawi wofufuza za umoyo sangafunse munthu funso ngakhale limodzi asanalandire chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa, monga COMREC imene idakhazikitsidwa ku College of Medicine, kapena National Health Sciences Research Committee ya Unduna wa Zaumoyo. Kalata yopempha chilolezo kwa wofunsidwa iyenera kumasuliridwa m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao chomveka kwa gogo wosadziwa kuwerenga. Ayenera kuonekera kwa bwana wa zaumoyo wa boma limenelo ndi kwa amfumu asanalowe m'mudzi. Wosadziwa zimenezi ataya miyezi, ngakhale akhale wanzeru chotani.

AMAYI, ALANGIZI NDI A M'MAOFESI

Oyendetsa CARTA adaona msanga kuti zaka zimene munthu achita PhD ndi zomwezo zimene mayi abereka ndi kulera. Chifukwa chake adaika malire a zaka zobadwa osiyana, 40 kwa abambo ndi 45 kwa amayi, ndipo mayi woyamwitsa adaloledwa kubwera ku msonkhano ndi mwana wake pamodzi ndi womulera, mgwirizanowo nulipira ulendo. Ena angayese ichi chaching'ono. Koma mwezi wathunthu kutali ndi khanda ndi chifukwa chokwanira choti mayi akane mwayi, ndipo mayi akakana, yunivesite itsala ndi maprofesa aamuna okhaokha zaka makumi awiri zikudzazo.

Chinanso chimene chiyenera kukondweretsa ogwira ntchito m'Boma ndi chakuti maphunziro sadapite kwa ophunzira okha. Alangizi awo, amene ali ngati aphungu a ku chinamwali, adaitanidwanso ku misonkhano yawo, pakuti munthu kukhala ndi PhD sikutanthauza kuti adziwa kulera wina. Ambiri angobwereza nkhanza kapena ulesi umene iwo adauona. Adaitanidwanso osunga mabuku, owerengera ndalama, a kaundula wa ophunzira ndi oyang'anira makompyuta. Nzeru yake njoonekeratu. Ndalama za kafukufuku zikafika nizikhala miyezi itatu mu ofesi ya akaunti kudikira siginecha, mvula iyamba, misewu ya kumudzi iduka, ndipo chaka chonse chapita. Kalaliki wosunga fayilo ali ndi mphamvu pa PhD ya munthu yoposa imene iye mwini aidziwa.

ZOTSALA

CARTA sidali yokha. College of Medicine idatsogolera mgwirizano wina wa kum'mwera kwa Afrika wotchedwa SACORE kuyambira 2009, ndipo mu 2016 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse idasankha malo awiri a kuno kuti alandire thandizo la maphunziro apamwamba: AquaFish ku LUANAR pa za nsomba, ndi ACEPHEM ku College of Medicine pa za umoyo wa anthu ndi mankhwala a zitsamba. Mu 2021 Yunivesite ya Malawi idagawidwa patatu, kubala KUHeS ndi MUBAS, ndipo iliyonse mwa izi, pamodzi ndi LUANAR, Mzuzu ndi MUST, ifuna madokotala akeake. Masomphenya a Malawi 2063, amene Boma lidakhazikitsa mu January chaka chomwecho, aika luso la anthu pakati pa zinthu zoyendetsa chitukuko.

Komabe pali zinthu ziwiri zosakondweretsa. Choyamba, pafupifupi ntchito zonse zatchulidwazi zidayenda ndi ndalama za kunja, ndipo zambiri zidalunjika pa zaumoyo ndi zaulimi, kumene opereka ndalama ali ndi chidwi. Mphunzitsi wofuna PhD pa mbiri yakale, pa zilankhulo, kapena pa kaphunzitsidwe ka masamu ku pulayimale, kawirikawiri ayenda yekha monga mnyamata wa mvukuto uja. Chikhalirecho maluso a kuwerenga mofufuza, kulemba ndi kusunga bwino zopeza ndi amodzimodzi m'maphunziro onse, ndipo kuwaphunzitsa sikufuna makina odula. Kufuna chipinda, nthawi yoikika pa kalendala ya sukulu, ndi akatswiri ochepa odzipereka. Amene adadutsa m'misonkhano ya CARTA adaphunzitsidwa dala kuti akachite zomwezo kwawo.

Chachiwiri chili m'manja mwa akulu a madipatimenti ndi a maunduna. Ubwino wophunzirira kwanu ndiwo uli msampha wake: munthu aoneka pa ofesi tsiku ndi tsiku, tsono apatsidwa makalasi, mapepala a mayeso ochonga ndi mipando ya m'makomiti monga kale, buku lake nalilemba usiku magetsi akakhalapo. Wopita ku Edinburgh palibe amene angamuitane ku msonkhano wa Lachitatu. Wotsala ku Zomba kapena ku Blantyre aitanidwa. Mkulu amene asayina kalata yololeza wantchito wake kuchita PhD ayenera pa tsiku lomwelo kulemba makalasi amene amuchotsera ndi dzina la amene awatenge, ndiponso miyezi imene munthuyo adzakhala kumudzi kusonkhanitsa zopeza osaitanidwa ku ofesi.