Moto wa Pentekoste ndi Achinyamata a Mpingo wa Katolika

Omvera athu m'maboma onse, madzulo ano tikamba za gulu lija la mu Mpingo wa Katolika limene ambiri amalitcha la Akarizimatiki. Makolo ena amadandaula kuti ana awo ayamba kupemphera ngati a mipingo ina, pamene ena amayamika kuti mwana amene adalowerera wabwerera ku tchalitchi. Kodi gululi lidachokera kuti, nanga achinyamata limawakoka ndi chiyani?

Oyambitsa ake adali achinyamata omwe. M'mwezi wa February 1967, ophunzira a pa yunivesite ya Duquesne, mumzinda wa Pittsburgh ku America, adapita ku m'bindikiro atawerenga mitu inayi yoyamba ya buku la Ntchito za Atumwi. Pobwerako, ena mwa iwo, monga Patti Gallagher, adachitira umboni kuti Mzimu Woyera adawadzera ndi mphamvu. Posakhalitsa motowo udayaka pa yunivesite ya Notre Dame ndi ku Michigan. Mu 1975, Papa Paulo VI adalandira anthu a gululi okwana ngati 10,000 mu tchalitchi cha Petro Woyera ku Roma, ndipo mu 2019 Papa Francisko adakhazikitsa bungwe la CHARIS kuti lizitumikira magulu otere pa dziko lonse.

Chimene chimamkoka mnyamata kapena mtsikana ndi ichi: amapatsidwa mpata wolankhula. Pa Misa amakhala pakati pa khamu, mwina osadziwika ndi dzina. Koma pa msonkhano wa mapemphero amaimba ndi gitala ndi ng'oma, amapemphera ndi mawu akeake, amaulula nkhawa zake za ulova, mayeso kapena matenda, ndipo anzake amamsanjika manja. Mtima wosungulumwa umapezapo abale.

Nanga kumuumba kumachitika motani? Watsopano amalowa maphunziro a Moyo mu Mzimu, a masabata 7. Sabata lachisanu amamupempherera kuti mphatso zimene adalandira pa Ubatizo ndi pa Ulimbitso zidzuke mwa iye. Si sakramenti latsopano ayi, koma kukoleza moto umene udakwiririka m'phulusa. Kuchokera pamenepo amazolowera kuwerenga Baibulo tsiku ndi tsiku, kulapa kawirikawiri ndi kutsogolera anzake.

Komatu moto womwe umaphika nsima ndiwo umatenthanso nyumba. Wachinyamata angathe kumayesa chikhulupiriro ndi misozi kapena malilime, n'kumapeputsa agogo ake amene amapemphera korona mwakachetechete. Angathenso kuona ziwanda pa vuto lililonse n'kuleka mankhwala a kuchipatala. Nkhani ya machiritso idavutapo ngakhale akuluakulu. Anzathu a ku Zambia amakumbukira Arkiepiskopi Emmanuel Milingo wa ku Lusaka, amene adayamba mapemphero a machiritso mu 1973, naitanidwa ku Roma mu 1982, natula pansi udindo chaka chotsatira.

Choncho inu makolo, musafulumire kuletsa, koma yang'anani zipatso. Kodi mwanayo akupitabe ku Misa ndi ku mphakati? Kodi akumvera malangizo a ansembe, akulimbikira sukulu, akuyendera odwala? Ndipo inu achinyamata, kumbukirani kuti m'kalata yoyamba kwa Akorinto, Paulo Woyera atafotokoza za mphatso za Mzimu m'mutu 12, adaika chikondi pamwamba pa zonse m'mutu 13. Tsalani bwino, omvera.