Dzimbiri pa Njinga Yamoto

Njinga yamoto, imene ena amaitcha mthuthuthu, yafala kwambiri m'dziko muno. M'mizinda ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, ngakhalenso m'misika ya kumidzi, anyamata a kabaza amanyamula anthu ndi katundu kuyambira mmawa kufikira madzulo. Alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo nawonso amakwera njingazi popita kumidzi kumene galimoto siingafike. Poiona, njingayo imakhala ngati chinthu chimodzi, koma ndi zitsulo zambirimbiri zolumikizidwa ndi mabawuti ndi manati. Bawuti limodzi lokha litathyoka pagudumu kapena pamabuleki njinga ili pa liwiro, woyendetsa ndi wokwera yemwe angavulale koopsa. Chimene chimafoola mabawutiwo mwakachetechete ndi dzimbiri.

Kodi dzimbiri limachokera kuti? Silichokera kutali ayi. Limapangika pamene chitsulo chakumana ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi: madzi ndi mpweya wa okosijeni, umene anthu ndi nyama amapuma. Zitatuzi zikakhala pamodzi, pamwamba pa chitsulo pamasanduka pofiirira ndi pofumbutuka. Kotero dzimbiri si litsiro lochita kugwera pa chitsulo monga fumbi. Ndi chitsulo chenichenicho chimene chadyeka.

Ana a sukulu angathe kudzionera okha zimenezi ndi misomali itatu yatsopano ndi mabotolo atatu. Msomali woyamba auike m'botolo la madzi pang'ono, losatseka. Wachiwiri auike m'botolo louma bwino ndi kulitseka zolimba. Wachitatu aumize m'madzi owiritsa, pakuti kuwiritsa kumachotsa mpweya m'madzi, ndipo pamwamba pa madziwo athirepo mafuta ophikira kuti mpweya usalowenso. Pakapita masiku owerengeka, msomali woyamba udzakhala utafiira, koma iwiri inayo idzakhala ikuwalabe. Wachiwiri unasowa madzi, wachitatu unasowa mpweya. Apa ndi pamene pagona nzeru yonse yoteteza chitsulo: kutsekereza madzi ndi mpweya kuti zisachikhudze.

Pa mabawuti dzimbiri limavuta mwa njira inanso. Chitsulo chikasanduka dzimbiri chimatupa, ndipo chimafuna malo aakulu kuposa poyamba. Tsono m'mizere ya bawuti, mmene nati imazungulira, malo ndi ochepa zedi. Dzimbiri likadzaza m'mizeremo, nati imagwira nganganga. Makaniko akakoka sipanala mwamphamvu, mutu wa bawuti umaduka, thunthu lake n'kutsalira m'kati. Ntchito imene ikadatha m'mphindi zisanu imadya tsiku lathunthu, ndipo tsiku limenelo wa kabaza sapeza ndalama yogulira ufa.

Nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala kufikira Epulo, ndiyo nthawi imene dzimbiri limakondwa. Mvula yokha siiopsa kwambiri, chifukwa madzi ake amauma msanga. Choopsa ndi matope. Matope akamatirira kunsi kwa injini, m'masipoko ndi pa paipi yotulutsa utsi, amasunga chinyontho masiku ambiri. Mchere umafulumizitsanso dzimbiri. Nchifukwa chake zitsulo zimatha msanga m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja yamchere monga Beira ndi Dar es Salaam. M'dziko muno mulibe nyanja yotero, komabe njinga zambiri zimanyamula matumba a mchere ndi a feteleza. Feteleza amakoka chinyontho ndipo amadya chitsulo monga mchere. Thumba likabooka, timibulu take timagwera pa keliyala ndi pa mabawuti a kumbuyo, ndipo mwini njinga akapanda kutsuka, pamenepo ndi pamene pamayambira kufiira.

Opanga njinga amadziwa zonsezi, motero amaveka zitsulo zawo chovala. Zina amazipaka penti. Zina amazikuta ndi chromium, chitsulo chonyezimira chimene chimaoneka pa zogwirira. Mabawuti ambiri amawakuta ndi zinki, yemwe amatetezanso malata a padenga. Palinso chitsulo chosachita dzimbiri msanga, chonga cha masipuni ndi mipeni ya patebulo. Mmodzi mwa amene anachitulukira ndi Harry Brearley wa mumzinda wa Sheffield ku England, amene m'chaka cha 1913 anasakaniza chitsulo ndi chromium. Koma chitsulo chimenechi nchokwera mtengo, ndipo mabawuti ambiri a njinga ndi a chitsulo wamba. Chovala chawo nchopyapyala: mwala ukachikanda, kapena sipanala yosayenera ikachipala, khomo la dzimbiri latseguka.

Apa mpamene ntchito imatsalira mwini njinga. Akabwera ku ulendo wa m'matope, amatsuka njingayo ndi madzi oyera, naipukuta ndi nsanza youma. Kutsuka osapukuta nkungowonjeza vuto. Kenaka amadontheza oyilo pa tcheni, ndi kupaka girizi pang'ono pa mitu ya mabawuti ndi pa zitsulo zonse zoyenda. Pomanga bawuti limene lili poyera pa mvula, ena amayamba apaka girizi m'mizere yake kuti lidzamasuke bwino mtsogolo. Izi nzofunika makamaka pamene bawuti lachitsulo likulowa m'chigoba cha injini cha aluminiyamu, chifukwa zitsulo ziwiri zosiyana zikanyowa pamodzi, chimodzi chimadyeka msanga. Koma mafuta ali ndi malo ake. Sayenera kufika pa mabuleki kapena pa matayala, pakuti njinga ingaterereke kapena kukana kuima.

Pogona pa njinga mpofunikanso. Malo abwino ndi a denga, ouma, opita mphepo. Ambiri amaganiza kuti akuchita bwino akaikulunga ndi pulasitiki ili yonyowa, osadziwa kuti akutsekera chinyontho m'kati. Njinga ikati ikhale nthawi yaitali osayenda, ndi bwino kudzaza thanki ndi petulo, chifukwa m'thanki yopanda kanthu mumachita mame ndipo imayamba kufiira kuchokera m'kati.

Nanga dzimbiri likayamba kale? Likakhala lapamwamba chabe, amalipala ndi burashi ya waya kapena sanipepa kufikira chitsulo chitawala, ndipo pomwepo amapakapo penti kapena girizi. Kupaka penti pamwamba pa dzimbiri nkungolibisa, lokha limapitiriza kudya kunsi. Nati ikakana kumasuka, makaniko wodziwa ntchito salimbana nayo. Amathirapo palafini kapena oyilo wopyapyala, naisiya usiku wonse kuti mafutawo alowerere. Mmawa amaigogoda pang'onopang'ono ndi hamala, ndi kuizunguza ndi sipanala yolingana nayo. Moto sauyandikiza, chifukwa petulo ali pafupi.

Bawuti limene ladyeka mpaka kuonda, kapena limene mizere yake yafufutika, silibwezeredwanso pa njinga ngakhale litapalidwa chotani. Limatayidwa, ndipo m'malo mwake mumalowa latsopano la msinkhu ndi mphamvu zofanana nalo, makamaka likakhala la pagudumu, pamabuleki kapena pa zogwirira.