Mmene HIV Imasonkhanitsira Zipata za Selo Kuti Ilowe

Anthu ambiri m'chigawo chino cha Africa amadziwa mawu akuti CD4 chifukwa cha kuyezetsa magazi kuchipatala, kumene amawerenga maselo oteteza thupi, omwe ena amawatcha asilikali a m'thupi. Komatu CD4 kwenikweni ndi dzina la puloteni yopezeka pakhungu la maselo amenewa. Mu 1984 akatswiri a sayansi anapeza kuti kachirombo ka HIV kamayamba kugwira puloteniyi kakafuna kulowa m'selo.

Kugwira CD4 yokha sikokwanira. Mu 1996 zinadziwika kuti kachiromboka kamafunanso chipata chachiwiri, chomwe ndi puloteni ya CCR5 kapena ya CXCR4. Zipata zimenezi zimakhala apa ndi apo pakhungu la selo, ndipo kachiromboka kamalowa mosavuta zikasonkhana pamalo amodzi.

Chomwe chimazisonkhanitsa ndi selo lenilenilo. Kunsi kwa khungu lake kuli ukonde wa timaulusi totchedwa actin, timene timalimbitsa selo monga momwe nsichi ndi phaso zimalimbitsira nyumba. Kusiyana kwake nkwakuti ukondewu umamasuka ndi kulukikanso nthawi zonse. HIV ikagwira CD4, uthenga umapita mkati, timaulusito timayamba kusuntha ndi kukokera zipata zija pamene pali kachiromboka. Mu 2007 ofufuza anaonetsa kuti puloteni ya filamin A ndi imodzi mwa zimene zimamangirira zipatazi ku ukondewo.

Zoterezi zimachitikanso selo lodwala likakhudzana ndi labwino. Zipata za selo labwino zimaunjikana pomwe awiriwa akhudzana, ndipo tizirombo tambiri timawoloka nthawi imodzi.

M'nyumba zofufuzira, mankhwala osokoneza actin amachepetsa kulowa kwa HIV, koma sangapatsidwe kwa wodwala chifukwa maselo ena onse m'thupi amadaliranso timaulusiti. Akatswiri anasankha kutseka chipata chenichenicho. Mankhwala a maraviroc, amene anavomerezedwa ku America mu 2007, amamatirira pa CCR5 kuti kachiromboka kalephere kuigwira.

Mankhwalawa sathandiza ngati kachirombo ka wodwalayo kamadzera pa CXCR4. Motero madokotala amayamba ayeza magazi kuti adziwe chipata chimene kamagwiritsa ntchito asanamulembere mankhwalawo.